Mtanda Ukakana Kufufuma

"Ndiuze zoona, mwana iwe. Uli kumwezi kapena ayi?"

A Mabanzi anafunsa atagwira buledi m'manja ngati mwala wogendera galu. Ndipo kunena mosapsatira, buledi ameneyo akanamuthyola galu nthiti. Zitini makumi anayi zinatuluka mu uvuni m'mawa umenewo, koma panalibe n'chimodzi chomwe chimene buledi wake anafika pakamwa pa chitini.

Mzime, mwana wawo wotsiriza, anaima pafupi ndi tebulo lokandira ufa, manja ali mbuu. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wosadziwa kunama ngakhale pamene bodza likanamupulumutsa.

"Ee, ababa. Ndinayamba dzulo."

"Mwamva, amake Mzime? Wayamba dzulo! Ndiye epuloni ikutani m'chiuno mwako? Msomali uja ndinaukhomera chiyani panja?"

Amake Mzime anali pakona, akupukuta chitini chimene chinayera kalekale. Lamulo la msomali ankalidziwa kuposa aliyense. Amuna awo anaphunzira ntchito kwa mkulu wina wophika buledi, ndipo pamodzi ndi luso anatengakonso chikhulupiriro chakuti mkazi amene ali pa msambo akagwira mtanda, mtandawo sufufuma. Choncho anakhoma msomali kunja kwa chitseko cha nyumba yophikira. Mkazi akayamba masiku ake ankavula epuloni, kuikoloweka pamenepo, n'kukakhala pawindo logulitsira mpaka masikuwo athe. Sipankafunika kulankhula. Msomali unkalankhula wokha, koma vuto lake unkalankhula ndi msewu wonse.

"Ababa, ine ndatopa nako kupachika manyazi anga pakhomo," anatero Mzime. "Anyamata onyamula anthu panjinga aja akangoona epuloni yanga amayamba kuimba likhweru. Mwezi watha wina anandifunsa kuti, 'Achemwali, lero mbendera yakwera?' Pamaso pa anthu ogula!"

"Ndiye chifukwa cha likhweru ana a sukulu adye miyala?"

"Vuto si ine, ndi yisiti. Chitini chachikulu chotchipa chija munachiika pashelefu pamwamba pa uvuni. Yisiti ndi wamoyo, amafa ndi kutentha."

"Tamverani! Yisiti ndinamudziwa iwe usanabadwe. Mawu a akulu akoma akagonera, udzandikumbuka."

"Koma tinaphunzira kusukulu, ababa. Mwezi uliwonse chiberekero chimayala mphasa kukonzekera mlendo, dzira n'kutsika kudzadikira. Mlendo akapanda kubwera, thupi limayalula mphasa ija, ndiye magazi aja. Basi. Mulibe poizoni, mulibe tsoka. Zikalowa bwanji mu ufa?"

A Mabanzi anatseka makutu, khutu lina ndi chikhatho, lina ndi buledi uja.

"Zimenezo si zokamba ndi bambo ako!"

"Koma ndi zokamba ndi msewu?"

Apa amake Mzime anaona kuti moto wafika kudenga. "Bambo ake, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwanayu akunena chomwe chikumuwawa."

"Inunso?" anatero a Mabanzi, mawu atafewa. "Inu ndiye mboni yanga. Zaka makumi awiri ndi zisanu simunaphonyepo msomali uja, ndipo buledi wathu sanatichititsepo manyazi. Mwana uyu akanatengera inu."

Amake Mzime anakhosomola popanda chowatsamwa. Kuyamikirako kunawalasa, chifukwa anali ndi kanthu kumtima kamene sanauzepo munthu. Iwo msambo unasiya zaka ziwiri zapitazo, koma epuloni yawo inkakwerabe pamsomali mwezi ndi mwezi. Pakhomo pamenepo panalibe Lamulungu, panalibe tchuthi, popeza anthu amafuna buledi tsiku lililonse. Masiku anayi a pawindo ndiwo anali mpumulo wawo wokha, ndipo amuna awo, amene mtima ndiye anali nawo wabwino, ankawabweretsera tiyi pampando n'kuwaletsa kunyamula ndowa. Ndani angataye zotero? Wopusa anaimba ng'oma, wochenjera navina, ndipo iwo anali atavina nthawi yaitali.

Mkangano unadulidwa ndi a Metuloni, mayi woyang'anira khitchini ya sukulu yogonera komweko, amene ankatenga buledi wochuluka kuposa ogula ena onse. Anatola buledi mmodzi, kumugogoda pawindo ngati akuodira, n'kumvetsera.

"A Mabanzi, mwayamba kuumba njerwa? Ifetu sitikumanga. Lero ndikhululuka chifukwa tadziwana kale, koma zikachitikanso ndikasaka kwina. Ana a eni sangamalize mano chifukwa cha chibale."

Atachoka, Mzime anavula epuloni mwakachetechete n'kukaikoloweka panja. Pasanathe nthawi likhweru linamveka kutsidya kwa msewu. Amake analimva bwinobwino, ndipo anachita ngati sanamve.

Masabata awiri otsatira zinthu zinakhalako bwino. A Mabanzi anayamba kuthira yisiti wochuluka kawiri, poganiza kuti palibe akuwaona, ndipo buledi ankafufumako mwaulesi. Iwo ankamukweza m'mwamba n'kumati, "Mwaona? Lamulo likasungidwa, zinthu zimayenda." Mzime anabwerera patebulo masiku ake atatha, koma nyimbo zimene ankaimba pokanda zinatha.

Tsiku lina masana, akutsuka zitini kuseri, anafunsa amake mosawayang'ana.

"Amayi, inu mumakhulupiriradi zimenezi?"

"Bambo ako ndi munthu wabwino."

"Sindinafunse za abambo."

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, mwana wanga. Ungozolowera. Masiku anayi okha, umakhala pansi, umapumako. Choipa n'chiyani?"

"Inu anyamata aja sakuimbirani likhweru, amakuopani. Komanso ine sindifuna kupuma. Ndimakonda ntchito imeneyi, amayi. Mtanda ukayamba kumvera m'manja ndimamva ngati ndikucheza ndi munthu. Abambo analonjeza kuti akamanga uvuni yachiwiri idzakhala yanga. Tsopano akundiyang'ana ngati ndine chiswe m'nyumba."

Amake anamva chisoni, ndipo anatsala pang'ono kuulula. Koma msana unawakumbutsa kuti ulipo, ndipo anangoti, "Tsuka bwino m'makonamo."

Lachitatu la sabata yachinayi msana uja unanyanya. Amake Mzime anachita monga mwa nthawi zonse: anakoloweka epuloni, kukhala pawindo, n'kulandira tiyi wawo wamkaka ndi manja awiri. M'mawa womwewo anamva chitini chikugwa pansi, kenaka mawu a amuna awo.

"Wayambiranso! Wandinamizanso!"

Buledi anali wophwatalala kuposa poyamba.

"Sindili kumwezi, ababa. Ndikulumbira."

"Nanga ndani? Mayi ako ali pawindo, sanagwireko ufa. Ine ndine mwamuna. Watsala ndani?"

"Watsala yisiti."

"Usanditchulirenso yisiti!"

A Metuloni atabwera sanagogode n'komwe. Anangoti Loweruka masana adzabwera komaliza, akadzapeza njerwa ndiye basi. A Mabanzi anatenga foni n'kuimbira mlongo wawo wa kutauni, ndipo analankhula mokweza kuti aliyense amve. Mzime akakwera basi Loweruka m'mawa. Akakhala kwa azakhali ake, akalera ana ndi kusesa m'sitolo. Za uvuni yachiwiri aiwale.

Tiyi wa tsiku limenelo anazizira m'kapu. Amake Mzime ankaona mwana wawo akupinda zovala, osalira, osadandaula, ndipo kusalirako ndiko kunawapweteka koposa. Iwo anali pampando chifukwa cha bodza, mwana akupirikitsidwa chifukwa cha chilungamo.

Lachinayi ndi Lachisanu a Mabanzi anakanda okha, thukuta lili kamukamu, osalola mkazi aliyense kudutsa pakhomo. Buledi anatuluka chimodzimodzi. Munthu wina akanayamba kukayika, koma a Mabanzi sanali munthu wina.

"Tsoka lidakali m'nyumba," anatero. "Lichoka mwini wake akachoka."

Loweruka kunacha bwino. Chikwama cha Mzime chinali pakhonde, mwini wake atavala diresi la kutchalitchi. A Mabanzi anali akuyeza ufa, nkhope ili gwa, ngakhale kuti maso awo ankathawirathawira kuchikwama chija. Amake Mzime anadzuka pampando, kugwira mwana padzanja, kulowa naye m'nyumba yophikira n'kutseka chitseko.

"Mukutani muno? Masiku anu sanathe!"

"Bambo ake, khalani pansi."

"Ndikhale pansi ufa ukudikira?"

"Khalani. Zimene ndinene zimafuna munthu wokhala."

A Mabanzi anakhala pathumba la ufa.

"Buledi wa ukwati wa mwana wa aphunzitsi uja mukumukumbukira? Uja anthu anachita kulandana?"

"Ndingamuiwale bwanji? Ine ndinali gone ndi malungo, inu munakanda nokha. Ndi amene anatitchukitsa."

"Linali tsiku langa lachiwiri."

"Lachiwiri la chiyani?"

"La zomwe mumatsekera makutu zija."

A Mabanzi anatong'ola maso.

"Ndinakanda ndikunjenjemera, ndikupemphera kuti Mulungu andikhululukire. Buledi anafufuma mpaka kusefukira. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti mkulu anakuphunzitsani ntchito uja ankadziwa uvuni, koma akazi sankawadziwa. Masiku anga enieni ndakhala ndikukanda pambali panu, inu mukuimba nyimbo. Epuloni ndinkaikoloweka msana ukatopa."

"Zaka zonsezi?"

"Zonse. Ndipo zaka ziwiri zapitazi ndiye palibe n'chokoloweka chomwe. Ndinasiya kusamba, bambo ake. Ndakula."

Mzime anagwira pakamwa. Mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Ndiye tiyi uja?" anafunsa a Mabanzi ndi mawu aang'ono. "Tiyi wamkaka uja, wa masupuni atatu a shuga?"

"Anali wokoma kwambiri. Mulungu akudalitseni."

Apa Mzime analephera kudzigwira. Anaseka mpaka kutsamira khoma, misozi imene anaisunga masiku atatu ikutulukira m'kuseka momwemo.

"Koma inunso, bambo ake, simunawerengepo? Chaka chatha mwezi wina ndinakoloweka kawiri."

"Ndinkayesa ndi mmene zimakhalira! Ndikanafunsa ndani?"

"Safunsa anadya phula. Mwakhala ndi mkazi zaka makumi awiri ndi zisanu, mwabereka naye ana atatu, koma thupi lake mumalidziwa ngati mmene mumadziwira kumwamba."

A Mabanzi anadzuka, kuyenda mpaka pa uvuni, kubwerera, n'kukhalanso. Ankafuna kukwiya, ndipo chifukwa chokwiyira chinalipo, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akalipire ndani? Mkazi amene manja ake anamanga zonse zimene anali nazo?

"Mwandipusitsa," anatero. "Mwandisandutsa chitsiru m'nyumba mwanga."

"Ndakupusitsani, ndipo pepani. Koma amene ndamulakwira kwambiri ndi uyu. Ine ndinapeza mthunzi pamsomali wanu, ndinakhala chete, mwana wanga akupsa ndi dzuwa pamsomali womwewo. Ndinamva likhweru lija ndi makutu angawa, ndinasankha tiyi. Ngati pali woti akwere basi lero, ndine. Koma msomali uzulidwe, ndipo mwana asapite."

Mzime anali atasiya kuseka. Anayang'ana amake nthawi yaitali, ndipo amake sanathawitse maso.

"Kukamba n'kosavuta," anatero a Mabanzi, akuyesa kutola ulemu wawo pansi. "Ine ndine munthu wa ntchito. Ndimakhulupirira zimene ndaona."

"Ndiye onani, ababa."

Mzime anatuluka, kukatsegula kathumba kam'mbali ka chikwama chake, n'kubwera ndi timapaketi ta yisiti timene anagula kusitolo masiku apitawo koma anaopa kutionetsa. Anatenga makapu awiri, kuthiramo madzi ofunda ndi shuga pang'ono. M'kapu ina anathira yisiti wa pashelefu, m'kapu ina watsopano. Atatu onse anawerama ngati akuyang'ana m'chitsime.

Kapu ya yisiti watsopano inayamba kuchita thovu, kenaka thovu lija linakwera mpaka kulendewera m'mbali. Inzake inangokhala phee, madzi amatope.

"Mwina ikuchedwa," anatero a Mabanzi.

"Yamwalira, bambo ake. Tikaitane abale."

"Ndipo kuti musadzanene kuti sindinakuuzeni," anatero Mzime, "lero ndiye ndilidi kumwezi. Ndayamba m'mawa uno. Ndikande kapena ndikakwere basi?"

A Mabanzi anayang'ana makapu aja, kuyang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana dzuwa pawindo. A Metuloni anali kubwera masana. Manja awo ananyamuka kupita kumakutu, koma anaima panjira n'kukanda mutu.

"Samba m'manja," anatero.

Mzime anakanda atavala diresi la kutchalitchi lomwelo. Atatha anavundikira mtanda ndi nsalu, ndipo kudikira kunayamba. A Mabanzi ankabwera kudzasuzumira pafupipafupi mpaka akazi awo anawamenya padzanja. Patapita kanthawi nsalu inayamba kukwera pakati, ndipo itakwana nthawi mtanda unali utadzaza beseni mpaka kukankha nsalu. A Mabanzi anaubaya ndi chala, n'kuona dzenje likubwerera pang'onopang'ono monga ziyenera kukhalira. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Basi inaima pamsewu, kuliza hutala kawiri, n'kupita. Palibe anatuluka.

A Metuloni anafika fungo litawalonjera kale kumsewu. Anafinya buledi mmodzi, kumuona akudzukanso, n'kunyema kachidutswa.

"Eyaa! A Mabanzi abwerera. Mwasintha chiyani?"

A Mabanzi anayang'ana kunja. Kutsidya kwa msewu anyamata a njinga anali tcheru.

"Ndasintha wophika," anatero mokweza. "Ameneyo ndi buledi wa mwana wangayu. Ine ndinapha yisiti ndi manja anga, n'kumunamizira iye."

A Metuloni atapita, a Mabanzi ananyamula okha chikwama chija pakhonde n'kukachiika kuchipinda kwa mwana. Pobwerera anaima pafupi ndi tebulo, akupotokola chipewa m'manja.

"Ndinakulakwira, mwana wanga. Azakhali ako ndiwaimbira ndekha, andiseke mmene angathere." Anakhosomola. "Nanga... m'mimbamo, mukupweteka?"

Mzime anadabwa, chifukwa bambo ake anali asanafunsepo funso lotere. "Pang'ono, ababa. Koma ndikhoza kugwira ntchito."

"Ukafuna kukhala pansi, uzingonena."

Amake Mzime anali atayamba kale kusonkhanitsa zitini zoti atsuke. Mtima unali utapepuka, koma ankadziwa kuti agulitsa mpumulo wawo wonse m'mawa umodzi, ndipo msana unali ukuwaimba mlandu. Amuna awo anabwera kudzaima pambali pawo.

"Amake Mzime, chinthu chimodzi chokha sindikumvetsa. Zaka zonsezi, bwanji simunangonena kuti mwatopa?"

"Mukanamva?"

A Mabanzi anayang'ana manja a akazi awo, zala zopindika, zipsera za uvuni kuyambira pachikhatho mpaka m'chigongono, ndipo anachita manyazi enieni, oposa a yisiti aja.

"Sindikanamva," anatero. "Ndikanati ndi ulesi."

Anawalanda zitini zija mofatsa n'kuziika mu beseni.

"Tanenani tsopano."

Amake Mzime anaseka pang'ono. Mawuwo anali aafupi, koma anawatengera zaka makumi awiri ndi zisanu.

"Ndatopa, bambo ake."

"Ndamva. Kagoneni."

"Masiku angati?" anafunsa Mzime ali patebulo, akuwaza ufa.

"Iwe usawaphunzitse!" anatero a Mabanzi, akupinda malaya kuti atsuke zitini. "Awa ndi akatswiri kale."

Amake Mzime anapita kukagona dzuwa lili paliwombo, chitseko chili chotsegula, ndipo tulo tinawapeza akumva mwana wawo akuimba kuseri kwa khoma.